Waya Wothamanga ndi Waya Wosaduka: Mbiri ya Funso Lomwe Linafika ku Tsangano ndi Macanga Mochedwa

Mphunzitsi wa kumapiri a Tsangano akafuna kukopera buku pa foni amayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba ndi kachizindikiro ka pamwamba pa foniyo, kosonyeza ngati yagwira 4G, 3G kapena chilembo E chokha. Chachiwiri ndi mitambo. Amadziwa kuti 4G ikhoza kumaliza ntchitoyo m'mphindi ziwiri, koma amadziwanso kuti ikhoza kuthawa buku litatsala pang'ono kutha, mamega ogula ndi ndalama ya m'thumba n'kupita pachabe. Mnzake wa ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, amakumana ndi zomwezo potumiza zotsatira za mayeso ku Furancungo.

Vuto limeneli silinabwere ndi mafoni am'manja. Kuyambira pamene anthu anayamba kutumiza mawu kudzera pa waya, amisiri akhala akusankha pakati pa kuthamangitsa uthenga ndi kuonetsetsa kuti wafika wathunthu. Kumene kusankhako kunaonekera poyera kwambiri ndi pa intaneti ya m'nyumba yodzera pa waya wa lamya, yotchedwa DSL, chifukwa kumeneko liwiro ndi kudalirika zinali manambala oti munthu n'kuwakweza kapena kuwatsitsa. DSL inali ya m'mizinda, ndipo midzi ya Tsangano ndi Macanga inadumpha kuchoka pa kalata ndi wayilesi kufika pa foni yam'manja. Komabe mbiri yake imafotokoza bwino zimene zimachitika m'manja mwa mphunzitsi uja.

Chingwe chimene chinaphedwa ndi changu

Mu Ogasiti 1858 chingwe choyamba cha telegalafu chinayalidwa pansi pa nyanja ya Atlantic, kuchokera ku Ireland kufika ku Newfoundland. Uthenga wa mawu 98 wochokera kwa Mfumukazi Victoria kupita kwa Pulezidenti James Buchanan wa ku America unatenga maola pafupifupi 16 kuti uwoloke. Akatswiri awiri a kampaniyo sankagwirizana za mankhwala ake. William Thomson anali atawerengera kale kuti chingwe chikatalika kawiri, kuchedwa kwa zizindikiro kumawonjezeka kanayi, choncho ankati magetsi akhale ochepa, zizindikiro zitumizidwe modekha, ndipo wolandira agwiritse ntchito chida chomva ngakhale kamphamvu kakang'ono. Wildman Whitehouse ankakhulupirira kukankha. Analowetsa m'chingwemo mphamvu ya mavoti pafupifupi 2,000, ndipo chophimba chake, chomwe chinali chofooka kale, chinaonongekeratu. Patatha milungu itatu yokha chingwecho chinakhala chete. Panapita zaka zisanu ndi zitatu kuti china, chokhuthala kuposa choyambacho, chiyalidwe ndi sitima ya Great Eastern mu 1866 n'kuyamba kugwira ntchito mosadukiza.

Waya umene unalambalala mapiri

Dera la Tete linalowa m'nkhaniyi chifukwa cha Cecil Rhodes, amene anakhazikitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph kumapeto kwa 1892 ndi cholinga chofikitsa waya ku Cairo. Mzere woyamba wochokera ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, unalunjika ku Tete kudzera ku Mazoe, koma unaonongedwa pa nkhondo imene Ashona anaukira azungu mu 1896. Anaumanganso kuchokera ku Umtali kudzera ku Inyanga, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, kupita ku Chikwawa ndi Blantyre, kenako kumpoto m'mbali mwa nyanja ya Malawi mpaka ku Karonga. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 unakathera ku Ujiji, pa nyanja ya Tanganyika. Ku Cairo sunafike.

Mzerewu unadutsa kumwera kwa mapiri a Tsangano ndi Macanga, osakwera. Pa nthawiyo Macanga inali idakali m'manja mwa banja la Pereira, lomwe linalamulira derali kwa mibadwo ingapo mpaka Apwitikizi atagonjetsa Chinsinga mu 1902. Ngakhale pambuyo pake, mawaya a atsamunda ankalumikiza ofesi ndi ofesi, bwana ndi bwana mnzake. Mlimi wofuna kudziwitsa mwana wake amene anali ku migodi kapena ku mafamu a ku Rhodesia za maliro ankadalira kalata, kapena munthu wopita komweko.

Nkhondo ziwiri zinatseka mpata wotsala. FRELIMO inatsegula nkhondo yomenyera ufulu m'chigawo cha Tete mu 1968. Ufulu utabwera mu 1975, kampani ya boma ya Telecomunicações de Moçambique, TDM, inakhazikitsidwa mu 1981, pamene nkhondo yapachiweniweni inali itayamba kale kufalikira. Anthu ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Waya wopachika pa mitengo sungapirire nyengo yotere. Ngakhale mzere waukulu wa magetsi wochokera ku Cahora Bassa kupita ku South Africa, wotalika makilomita pafupifupi 1,400, unagwetseredwa nsanja zambirimbiri ndipo sunagwirenso ntchito mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kumidzi kumene kunalibe waya woti n'kukonza.

Zimene zinkachitika kwina m'zaka zomwezo

Pamene anthu a kumapiriwa anali m'misasa ya othawa kwawo, amisiri a ku America ankafunsa funso lina: kodi waya wamkuwa wa lamya, umene unali kale m'nyumba mamiliyoni ambiri, unganyamule zochuluka bwanji? Mawu a munthu amangotenga kagawo kakang'ono ka pansi, kosapitirira makilohetsi 4. Pamwamba pake panali malo aakulu opanda ntchito. Joseph Lechleider wa ku Bellcore anaonetsa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kuti zinthu zimayenda bwino ngati njira yobwera kunyumba ili yaikulu kuposa yochoka kunyumba. Apa ndi pamene panachokera chilembo A m'dzina loti ADSL. John Cioffi wa pa yunivesite ya Stanford, kudzera ku kampani yake ya Amati, anapambana mpikisano wa ku Bellcore mu 1993 ndi njira yogawa waya m'tinjira tambirimbiri. Njirayo inavomerezedwa ndi bungwe la ITU mu 1999 ndi liwiro lofika mamegabiti 8 pa sekondi, ndipo ADSL2+ ya mu 2003 inafikitsa malirewo pa 24.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva kwa aliyense amene anaonapo anthu akukweza matumba a mbatata ya kachewere pa njinga. ADSL yoyamba imagawa waya m'tinjira 256, kalikonse kotambalala makilohetsi 4.3125. Modemu ikayatsidwa, imayamba yayesa kanjira kalikonse kuti ione kuchuluka kwa phokoso lomwe lilimo. Kanjira koyera imakasenzetsa katundu wambiri, mpaka mabiti 15 pa ulendo umodzi. Kaphokoso imakapatsa awiri kapena atatu, kapena kukasiya kopanda kanthu. Maulendowo amachitika ka 4,000 pa sekondi iliyonse. Waya ukatalika, tinjira ta pamwamba ndi timene timayamba kufa, n'chifukwa chake nyumba ya pafupi ndi makina a kampani inkalandira liwiro lonse, pamene ya pa makilomita 5 inkangotola nyenyeswa. Kupitirira pamenepo DSL inalibe mawu. Lamulo lakumbuyo kwa zonsezi analilemba Claude Shannon mu 1948: njira iliyonse ili ndi malire a zimene inganyamule, ndipo malirewo amadalira kutambalala kwake komanso mphamvu ya uthenga poyerekeza ndi phokoso.

Mpata wosiyira phokoso

Pachimake pa nkhaniyi pali nambala imodzi yomwe amisiri amaitcha SNR margin, kutanthauza mpata umene modemu imasiyira phokoso la mtsogolo. Wokweza katundu wanzeru sadzaza njinga mpaka pamapeto pa mphamvu yake, poti sakudziwa matope amene ali kutsogolo. Makampani ambiri ankaika mpatawu pa madesibelo 6, ndiko kunena kuti phokoso likhoza kukula mphamvu kanayi waya usanayambe kulakwitsa kopitirira muyezo.

Mtengo wa mpatawu ndi wowerengeka. Madesibelo 3 alionse amafanana ndi biti imodzi pa kanjira kalikonse. Biti imodzi, maulendo 4,000 pa sekondi, ndi makilobiti 4. Ngati tinjira togwira ntchito tili 200, kutsitsa mpata kuchoka pa 6 kufika pa 3 kumawonjezera makilobiti pafupifupi 800 pa sekondi. Kwa munthu wokhala kutali, amene waya wake unkangopereka mamegabiti awiri kapena atatu, chimenechi chinali chiyeso chachikulu. Ambiri ankapempha kampani kuti itsitse nambalayo, ena ankaisintha okha mu modemu. Masana zinthu zinkayenda. Dzuwa likalowa, waya unkayamba kuduka.

Chifukwa cha madzulowo amachidziwa aliyense amene anakulira pa wayilesi ya mabatire. Usiku nyumba zoulutsa mawu za kutali, za pa mafunde apakati a AM, zimamveka bwino kuposa masana, chifukwa mafundewo amanjanja kuthambo n'kubwerera pansi. Mafunde omwewo ali m'dera limene ADSL imagwiritsa ntchito, ndipo waya wautali wopachika m'mwamba umawakola ngati mlongoti wa wayilesi. Chimene chili chisangalalo kwa womvera ndi phokoso kwa modemu. Mpata ukatha, modemu imasiya zonse n'kuyambanso kuyesa tinjira, ndipo kwa kanthawi ndithu nyumba imakhala yopanda intaneti. Amene anapindula makilobiti 800 masana ankawabweza madzulo, nthawi imene banja lonse linali pakhomo.

Panalinso mtundu wina wa phokoso umene mpata sungauletse: lobwera mwadzidzidzi, la mphezi, la injini yamagetsi ikamayaka, la waya wolumikizidwa molobodoka umene walowa madzi. Limafafaniza chigawo chonse cha uthenga nthawi imodzi. Mankhwala ake amatchedwa interleaving, ndipo mphunzitsi wa kuwerenga angawamve msanga. Mawu amodzi athunthu akafufutika m'chiganizo, wowerenga akhoza kusokonezeka. Koma chilembo chimodzi chikasowa m'mawu alionse, amangodzaza yekha. Choncho modemu imamwaza zidutswa za uthenga isanazitumize, kuti mphezi ikamenya ingotenga kachidutswa apa ndi apo, ndipo masamu amene Irving Reed ndi Gustave Solomon anafalitsa mu 1960 amabwezeretsa zosowazo. Malipiro ake ndi kudikira: wolandira sangawerenge mpaka zidutswa zonse zitafika. Kuchedwako n'kochepa kwambiri, kagawo kakang'ono ka sekondi, kosamveka kwa wokopera buku, koma osewera magemu a pa intaneti ankadana nako n'kumapempha kuti kuchotsedwe.

Ku Britain kampani ya BT inatopa n'kusiyira anthu chisankhochi. Kuyambira mu 2006 makina ake ankayang'anira waya uliwonse, ndipo ukaduka kawirikawiri ankakweza okha mpata kuchoka pa 6 kupita pa 9, pa 12, mpaka pa 15. Waya unkakhazikika, liwiro n'kutsika, eni ake n'kumadandaula. Kunena chilungamo, mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, koma cholakwa chachikulu chinali cha otsatsa malonda. Ankalemba nambala yaikulu, kutsogolo kwake n'kuikako kamawu koti "mpaka", ndipo anthu anaphunzira kuyeza intaneti ndi liwiro lake la pa nthawi yabwino. Maola amene yagwira ntchito osaduka panalibe amene ankawalemba pa chikwangwani.

Mozambique ndi waya wosafika

Intaneti inalowa m'dzikoli kudzera ku likulu la makompyuta la yunivesite ya Eduardo Mondlane, CIUEM, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Makalata a pa kompyuta ankasonkhanitsidwa n'kutumizidwa pa lamya ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa, yotchedwa dzina la munthu yemwe uja wa waya wa ku Tete. Inali njira yochedwa koma yopirira: lamya ikaduka, makalata ankangodikira ulendo wotsatira. Mu 1999 CIUEM inatsegula malo oyamba a makompyuta a anthu wamba ku Manhiça ndi ku Namaacha, kumwera kwa dzikoli. TDM inayamba kugulitsa ADSL m'zaka za m'ma 2000, ndipo zingwe za pansi pa nyanja za SEACOM ndi EASSy zinafika ku Maputo mu 2009 ndi 2010.

Koma DSL imafuna waya wamkuwa wofika pakhomo, ndipo malamya a waya m'dziko lonse la Mozambique sankafika 100,000, pamene kalembera wa mu 2007 anapeza anthu oposa 20 miliyoni. Ochulukawo anali ku Maputo, ku Beira ndi m'mizinda ina ikuluikulu. Ngakhale kukanakhala makina a DSL pa Furancungo kapena pa Tsangano penipeni, malire a makilomita 5 aja akanasiya kunja midzi yambiri ndi masukulu ake, omwe ali balala m'zitunda ndi m'zigwa. Luso limene linapangidwira mayiko odzaza mkuwa wakale linalibe pogwira kumalo kumene mkuwawo sunayalidwepo.

Chimene chinafika ndi nsanja. Kampani ya mcel inayamba mu 1997, Vodacom mu 2003, koma kusintha kwakukulu kwa kumidzi kunabwera ndi Movitel mu 2012. Kampaniyi, yomwe gawo lake lalikulu ndi la Viettel ya ku Vietnam, inayamba ntchito itayala kale faiba yotalika makilomita oposa 12,000, yambiri yopachika pa mitengo m'mbali mwa misewu. Kumeneku kunalinso kusankha. Faiba ya m'mwamba imayalidwa msanga ndiponso motchipa kuposa yokwirira pansi, koma imakumana ndi moto wolusa, mitengo yogwa ndi malole ataliatali. Pofika 2019 TDM ndi mcel zinali zitaphatikizana kukhala Tmcel.

Foni yam'manja imachita zomwe modemu ya DSL inkachita, kungoti imazichita mobisa ndiponso kambirimbiri pa sekondi. Ikakhala pafupi ndi nsanja imasenza mabiti ambiri pa ulendo umodzi. Mwini wake akatsikira kuseri kwa phiri imachepetsa katundu, imawonjezera zidutswa zokonzera zolakwika, ndipo zikavuta imatsika kuchoka pa 4G kupita pa 3G mpaka pa 2G. Malo ovuta kwambiri si opanda netiweki konse, koma a m'malire, kumene foni imaona 4G yofooka n'kumaithamangira, kuitaya, kubwerera pa 3G, n'kuyambiranso. Pamenepo ndi pamene buku la mphunzitsi uja limadukira. M'madera oyandikana ndi Ntcheu palinso kusokonekera kwina, poti foni imatha kukola nsanja za ku Malawi, ndipo si zachilendo kupeza munthu ali ndi makadi awiri, ya TNM kapena Airtel pambali pa ya kwawo.

N'zochititsa chidwi kuti ntchito imene anthu akumidzi amaidalira koposa pa foni ndi yochedwetsetsa pa zonse. Kutumiza ndalama pa M-Pesa, yomwe inayamba ku Mozambique mu 2013, kapena pa e-Mola, kumatheka ndi timauthenga tating'ono toyimba ndi nyenyezi ndi manambala, timene timadutsa ngakhale pa 2G, pa foni ya mabatani. Wogulitsa kachewere kapena fodya safunsa za mamegabiti. Amafuna kuti ndalama ikatuluka uku ifike uko.

Masukulu anaphunzira zofananazo mu 2020. Atatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha COVID-19, panali chiyembekezo choti ana aziphunzira pa intaneti. Kumidzi zimene zinatha kufika kwa ana zinali maphunziro a pa wayilesi ndi mapepala a ntchito amene makolo ankakatenga kusukulu. Okonza mapulogalamu a maphunziro amene amaika buku lonse m'fayilo imodzi yaikulu, yoti ikaduka iyambirenso pachiyambi, akubwereza maganizo a Whitehouse. Buku lomwelo logawidwa mitu, lokhala ndi zithunzi zopepuka, limafika ngakhale pa netiweki yotsimphina, ndipo likafika pa foni imodzi limadutsa kupita pa ina popanda kugula mamega.

Zaka zaposachedwa zawonjezera mitu ina pa nkhaniyi. Starlink inayamba kugwira ntchito ku Mozambique mu 2023, ndipo kwa nthawi yoyamba sukulu ya kuseri kwa phiri ikhoza kupeza liwiro loposa limene ADSL2+ inalonjezapo, ngati ili ndi magetsi ndi ndalama zolipira mwezi ndi mwezi. Koma mvula yamphamvu, yomwe kumapiriwa imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, imafooketsa mafunde ake. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za SEACOM ndi EASSy zinaduka nthawi imodzi kunyanja, kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inafooka kwa masiku angapo ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Tanzania. Miyezi isanu pambuyo pake, chisankho cha pa 9 Okutobala chitadutsa, intaneti ya pa foni inazimitsidwa kangapo m'dzikoli pa nthawi ya zionetsero, kuduka kumene palibe mpata wa madesibelo ungakuletse.

Mwini modemu ya DSL ku Maputo kapena ku London ankatha kuona manambala ake onse: mpata, kufooka kwa waya, kuchuluka kwa zolakwika. Mphunzitsi wa ku Ntengo-wa-Mbalame amangoona timizere tinayi. Chotsala m'manja mwake ndi malo amodzi m'makonzedwe a foni, pamene angailamule kuti isiye kuthamangira 4G ikhazikike pa 3G yokha, ndiponso ola la m'bandakucha, pamene anthu ambiri ogawana naye nsanja akadali m'tulo.